Kabati ka Mnzanga wa Loweruka

Lolemba

Bati la tenisi ya patebulo lafika! Kunena zoona ndinaligula ku Songwe kumapeto kwa sabata, koma linali thabwa lamaliseche. Lero ndi pamene ndikuliveka.

Wogulitsayo, Mtanzaniya wa katoni ya zinthu zamasewero, anati "Mali safi, kaka," kutanthauza kuti katundu ndi wabwino, n'kundionetsa m'mbali mwake. Timatabwa topyapyala tisanu tomatidwa pamodzi, pakati pali timizere tiwiri takuda, akuti ndi kaboni. Ndinaligogoda pachipumi monga tinkachitira ku sekondale. Linati "tiki!", mawu okwera bwino, osati "phwa" wa mabati a kusukulu aja. Amayi ena ogula ndowa pafupipo anandiyang'ana mwachifundo.

Madzulo ano ndikumata mphira, yofiira mbali iyi, yakuda mbali inayo, ndi solushoni wa machubu a njinga. Nyumba yonse ikununkha ngati pa okonza njinga. Ndalitsindikiza ndi thumba la mpunga kuti ligone bwino.

Ndilembe pano chifukwa chake, mwina tsiku lina ndidzaiwala. Ine mwana wa ku Dedza, wokulira m'mizere ya kachewere, ntchito inandiponya kuno kudzakhala mlangizi wa mpunga ku Wovwe. Anthu ndi abwino, ndisaname. Amandipatsa moni m'Chichewa, kundifunsa za kwathu m'Chichewa. Koma wina akangoponya nthabwala, onse amakhotera ku Chitumbuka, ine n'kumaseka mochedwa osadziwa chosekacho. Madzulo ndimabwerera ku Uliwa pa njinga yamoto, kukhala pakhonde, kumaonerera mathanki a mafuta akudutsa pamsewu. Foni ili zii. Ndasungulumwa. Eya, ndalemba, tione ngati pepala ling'ambike.

Tenisi ya patebulo ilibe chilankhulo. Wina amamenya, iwe n'kubweza, basi macheza atheka.

Zofunika pofika Loweruka masana:

- tebulo
- neti
- bati lachiwiri
- munthu

Chachinayicho ndafunsa kale a Mwakasungula, anzanga a ku ofesi, bambo wamfupi wa timanja ting'onoting'ono. Akuti, "Tiona, bwana." Tiona si kukana.

Bati ili ndikufuna kulimva likubweza mpira womenyedwa ndi dzanja la munthu wina. Sindikupempha zambiri.

Lachiwiri

Tebulo lapezeka! Linali m'nyumba momwemuno nthawi yonseyi, likudzitcha chitseko cha kuchipinda. Ndamasula mahinjesi ndi nsonga ya mpeni, ndaligoneka pa migolo iwiri ya madzi pabalaza. Ndi lalifupi, ndi lopapatiza, lili ndi chibowo cha loko mbali imodzi. Woponya mpira m'chibowocho tidzampatsa mapointi awiri.

Neti yapezekanso. Ndadula kansalu kumiyendo kwa neti ya udzudzu, ndamangirira ku mabotolo awiri odzaza mchenga. Udzudzu wa ku Karonga suyenda pansi, ndikuganiza choncho.

Masana kwa a Mhango, kalipentala wa kuseri kwa msika. Bati langa sindinatenge, likadali pansi pa mpunga, ndiye ndikungofotokoza ndi pakamwa.

"Ndikufuna kabati," ndikutero. "Ka pulayi, kopepuka, kosalala kumaso."

A Mhango akugwedeza mutu, akuti amapanga tambirimbiri. Tambirimbiri! Pa Uliwa pompano? Ndiye kuti osewera alipo, akungobisala m'manyumba ngati ine. Ndikuwauza kuti asakulitse, ndipo chogwirira chikhale choti ngakhale dzanja laling'ono ligwire bwino. Ndikuganizira a Mwakasungula.

Akufunsa ngati kabatiko ndi kanga.

"Ayi, ndi ka mnzanga. Abwera Loweruka. Kukhala ndekha kwandikwana, a Mhango."

Bambo uja kuika sowo pansi, kupukuta manja pa ovolosi, kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Yewo, adada! Mwachita makora chomene." Akuti ena onse adikire, ntchito yanga ayamba lero lomwe, ndipo Loweruka abweretsa okha kunyumba.

Sindinaonepo munthu wokonda masewero chonchi. Ndamulemba m'mutu ngati membala wachitatu wa kalabu.

Lachitatu

Lauma! Ndadula mphira yotsalira m'mbali ndi lumo, ndakankhira tebulo kukhoma, ndatulutsa timipira tanga titatu.

Abale inu, bati ili!

Zimene ndapeza:

- Ndi lopepuka, koma kulemera kwake kuli kumutu, ndiye dzanja likayamba ulendo limapita lokha.
- Chogwirira chimatambasuka kumapeto, chimakhala m'chikhatho osaterereka.
- Mpira ukagunda pakati penipeni, likuti "tok!", n'kunjenjemera pang'ono m'dzanja ngati foni ikalandira uthenga. Ndabwereza kambirimbiri chifukwa cha kunjenjemerako.
- Ukagunda m'mphepete, zii, ngati wamenya ndi chipande. Limakuuza pomwepo kuti walakwitsa, silinyengerera.
- Ukamenya mofatsa, mpira umakhalapo kaye pang'ono usanachoke, ndipo umamva matabwa akuulandira. Ukakwiya, kaboni uja amadzuka. Mpira wadutsa pakhutu panga osauona n'komwe.

Vuto ndi limodzi. Khoma silipotokola mpira, silinamiza, silimenya ndi mphamvu zake. Likungondibwezera zanga zomwe, zitatopa kale. Bati lamtundu uwu ndi loti wina akumenyere mpira wamoto, iwe n'kungoliika kutsogolo, ilo n'kubwereka mphamvu ya mnzakoyo. Ndikumva m'dzanja kuti lingathe, koma umboni ndilibe.

Ndikuwerenga mapointi mokweza, ine ndi khoma. Khoma likutsogola.

"Odi!" A Nyagondwe, eni nyumba, amakhala kuseri kwa mpanda womwewu. Akuti amve kugogoda kumeneku ngati ndikugumula nyumba yawo. Akuyang'ana chitseko chili chigonere pa migolo, akuyang'ana ine thukuta lili kamukamu. Ndikuwauza kuti ndikukonzekera mnzanga wa Loweruka. Akuti amva kale kumsika, n'kumwetulira mpaka mano a kumapeto. Nkhani ya kalabu yafika kumsika!

Potuluka asiya khomo lotsegula. Kampira kamodzi kadumphira panja, kagubuduzikira mpaka m'chikwere cha nkhuku yawo yofungatira. Nkhukuyo yakayang'ana ndi diso limodzi, yakakokera pansi pa phiko ndi mlomo. Ndayesa kulowetsa dzanja. Yandijompha.

Timipira tatsala tiwiri. Komanso ndiyenera kukonza zimene ndinalemba dzulo: udzudzu wa ku Karonga umayenda pansi. Mapazi onse ndi zotupa.

Lachinayi

Kodi lero kwagwanji? Uliwa yense akundidziwa!

Mayi wa tomato: "Tamva, a Mlangizi, tamva!" Wandiikira awiri apulayizi. Wa kabaza amene sindinayankhulepo naye wandiimikira chala chachikulu. Ndinkati anthu kuno alibe nane ntchito, kusadziwa kuti ankangodikira masewero.

Che Jafali, mwini golosale wochokera ku Mangochi, mlendo mnzanga m'dziko lino, wandikokera mkati. Akuti munthu wolandira mnzake sasamba sopo wochapira. Wanditulutsira sopo wonunkhira ndi mafuta odzola. Akunena zoona, masewerowa ndi a thukuta. Akundionetsanso zitenje. Ndikuti zimenezo sizifunika, timangovala kabudula. Che Jafali akutsokomola, akuyang'ana kudenga.

Ku ofesi a Mwakasungula andimenya paphewa. "Mwatibisira, bwana! Loweruka ndikubwera, ndi madamu omwe." Ndi madamu omwe! Ndiye kuti tisewera awiriawiri, ine ndi a Mhango mbali imodzi. Mabati achepa, tizidzabwerekana. Mtima uli m'malo, ndaimba nyimbo njira yonse ya ku Wovwe.

Madzulo ndikuyeserera kuseva. Dzuwa la Okutobala lafewetsa solushoni, mphira yakuda yayamba kukanuka m'mphepete, ndamatanso. Ndaona kuti kukatentha bati limafewa mtima, mpira ukumira kwambiri mu mphira n'kuchoka ukuzungulira ngati nguli. Seva yanga yakale ya ku sekondale yabwerera: mpira ukugwa kutsidya kwa neti n'kubwerera wokha kwa ine. Ndakuwa kuti "Waona?" Panalibe woona.

Pobwerera m'mbuyo mwachimwemwe ndaponda kampira kachiwiri. Phwa! Ndakaponya m'madzi otentha kuti kafufume monga timachitira. Kafufuma, koma katuluka kooneka ngati dzira la nkhanga, kakudumpha kopita kumene kafuna.

Kabwino katsala kamodzi. Ndakasunga m'kapu, pamwamba pa windo.

Lachisanu

Tsoka. A Nyagondwe afika m'mawa ndi tsache, ndowa ndi makatani a maluwa. Akuti nyumba ya mwamuna yekha imanunkha mbeta, asesa okha. Ndikuthokoza. Kenako akuloza tebulo langa.

"Chitseko ichi chibwerere. Mlendo wotere safikira m'chipinda chopanda chitseko."

Ndikuwafotokozera bwinobwino kuti kuchipinda sitikalowako n'komwe, zonse tithera pabalaza pompano, anthu akuonerera. A Nyagondwe agwira pakamwa ndi manja awiri. Akuti za ku Dedza sazidziwa, koma muno ndi m'nyumba mwawo, ndipo iwo ndi mayi wa mvano. Aima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka ndamanga hinjesi yomaliza.

Tebulo lapita. Latsala katebulo kodyera, kotalika ngati mkono umodzi ndi theka. Ndayesa. Bati ili ndi lothamanga kwambiri, pa katebulo kotere lili ngati thanki ya mafuta m'kanjira ka kumunda. Ndikangokhudza, mpira uli kukhitchini. Ndiyenera kuphunzira kuligwira momasuka, zala zokha, osalifinya. Likatero limafatsa.

Masana kwa a Mhango kukaona kabati. Akana kundionetsa, akuti vanishi sanaume. Vanishi? Ndikuti mpira uzidzaterereka. Akuseka mpaka kugwira m'mimba, akuti a Mlangizi nthabwala. Akuti ajambulapo ndi duwa pakati, laulere.

Duwa. Chabwino, tidzaliphimba ndi mphira.

Mndandanda uja tsopano uli motere:

- tebulo: theka
- neti: ilipo, mapazi akulipira
- bati lachiwiri: lili ndi duwa
- munthu: mawa!

Loweruka

Ndilembe mwadongosolo.

Masana ndavala kabudula ndi nsapato zothamangira, ndasamba sopo wa Che Jafali. Anthu ayamba kufika. A Nyagondwe ndi amayi anzawo a mvano, asenza mapoto a mpunga ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija. A Mwakasungula avala suti, madamu avala chilundu ndi duku. Che Jafali anyamula makapu awiri atsopano okulunga m'pepala. Nyumba yanga yadzaza koyamba chibwerereni. Ndikuganiza kuti avala molemera pa masewero, koma kwawo n'kwawo.

Palibe akuyang'ana tebulo. Onse maso ali kumsewu. Minibasi ikaima, amayi akuimirira, wina wayamba kale kukonza kukhosi kuti aimbe nthungululu.

Kenako belu la njinga. A Mhango akukankha njinga, pakaliyala amanga chinthu chophimba ndi nsalu. Akuchitsitsa pakhonde, akuvundukula.

Kabati. Ya mbale. Ya pulayi, yopepuka, yosalala kumaso, yofika m'chiuno, chitseko chimodzi, duwa lofiira pakati. Amayi akuomba m'manja.

"Mlamu wafika?" akufunsa a Mhango.

Ndaima duu. Ndalowa m'nyumba, ndatuluka ndi bati langa, ndalikweza m'mwamba. "Ndimanena aka," ndikutero. "Bati laling'ono. Kabati. Mnzanga wake ndi a Mwakasungula."

Anthu akuyang'ana bati, akuyang'ana kabati ya a Mhango. Kenako a Mwakasungula akhala pansi ndi suti yawo, misozi ili mbwembwembwe. Kuseka kwabuka m'Chitumbuka, m'Chinkhonde, Che Jafali m'Chiyao. A Mhango akubwereza "dzanja laling'ono" akuloza a Mwakasungula, anthu n'kuyambiranso. Koyamba chifikireni kuno ndikudziwa chimene akuseka.

A Nyagondwe okha sakuseka. Akundigawira mbalagha m'mbale, akunena motsitsa mawu.

"Ife timamva, adada. Madzulo aliwonse mukuyowoya mwekha, mukuseka mwekha. Tinati Chiuta wamva."

Mawu amenewo andipweteka kuposa kuseka konse kuja. Ndadya osamva mchere.

Titadya ndalimba mtima, ndapempha kuti ngakhale mpira umodzi wokha. A Mwakasungula avula jekete, atenga chivundikiro cha poto, aima kutsidya kwa katebulo. Ndawapatsa kampira kabwino kaja. Ndawerama, bati kutsogolo, zala zomasuka. Sabata yonse ndimadikira apa.

Amenya. Mbwee! Mpira wamoto, weniweni, wa dzanja la munthu.

Ndauphonya.

Sindinaukhudze n'komwe, ngakhale m'mphepete. Wadutsa pansi pa bati, watuluka pakhomo, wadumpha pakhonde, wagubuduzikira kumsewu. Kumabwera thanki.

Ndatulutsa ka dzira la nkhanga kaja, koma madamu akuti chivundikirocho chikufunika, mapoto akupita. A Mwakasungula akuvala jekete, akuti masewerowa ndi abwino, tsiku lina tiona. Anthu atsanzika bwino, mmodzimmodzi, aliyense kundigwira dzanja ngati pamaliro. Che Jafali akuti makapu ndisunge, Mulungu sagona.

Makatani a maluwa atsala. Kabati yatsala. Ndailipira, a Mhango sanalakwe liwu ngakhale limodzi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nthabwala ikadali yotentha, ndiyisiye ipole.

A Nyagondwe podutsa ndi Baibulo lawo agogoda, andipatsa kampira koyamba kaja, kofunda, kali ndi kanthenga. "Dzira ili silikuswa," akutero, n'kumapita.

Uliwa ali zii. Ndanyamula kabati, ndaikhazika kumapeto kwa katebulo, duwa likuyang'ana kwa ine. Ndamanga neti. Ndaseva.

Wabweza!

A Mhango ndi mmisiri, ndisawachotsere. Chitseko cha pulayicho chili ndi mphako kuseri, ndiye mpira ukuti "gu" n'kubwerera uli ndi moyo kuposa wa khoma. Ukagunda paduwa umabwera mowongoka. Ukagunda kufupi ndi hinjesi umakhota, ndiyenera kuuthamangira. Bati likuti "tok", kabati ikuti "gu". Tok, gu. Tok, gu. Kunjenjemera kuja kukubwera m'dzanja nthawi iliyonse ndikapeza pakati.

Ubwino wa mnzanga watsopanoyu:

- sanena kuti tiona
- satopa
- sakhotera ku Chitumbuka

Kuipa kwake, sayamba ndi iye. Ndikaima, nayenso amaima.

Za mmene bati ili limalandirira mpira wa munthu, sindikudziwabe. Ndikukhulupirira kuti limalandira bwino. Mtanzaniya uja anati mali safi.

Ndikuwerenga mapointi chamumtima tsopano, mpanda uli ndi makutu. Kabati yapambana magemu onse. Mwambo wa masewerowa ndi woti wogonja amapita kutsidya kukagwira dzanja la mnzake, ndiye ndazungulira katebulo, ndapukuta thukuta pa kabudula. "Mwasewera bwino," ndatero, mokweza ndithu, amve amene amve.

Ndagwira chogwirira. Zala ziwiri zokha ndi zimene zalowa. A Mhango anachipangira dzanja laling'ono, monga ndinawauzira.